Mizere Imene Bambo Anadula Ine Kulibe

Plymouth
20 Okutobala 2024

Okondedwa achemwali Glenda,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi alamu anga a Desmond. Msana uja wakusiyani, kapena mukungoulimbira mtima monga mwa nthawi zonse? Nanga Bambo akudzuka bwanji masiku ano? Pa foni paja munati chifuwa chawo chayamba kupepuka, koma ine ndimakudziwani, zinthu mumazichepetsa mukaganiza kuti munthu ali kutali sangachitepo kanthu. Kuno tili bwino ndithu, ine ndi Moira.

Ndikudziwa mwadabwa kuona kalata. Yomaliza ndinakulemberani ndili pa sitima yankhondo yapamadzi, tsitsi lidakali kumutu. Vuto ndi lakuti ndikaimba foni mumaikweza mawu n'kuiika patebulo kuti Bambo azimva nawo, ndipo zimene ndili nazo lero sindinganene iwo ali pompo. Choncho muyambe mwawerenga nokha, mwina kukhitchini, chitseko chili chotseka.

Ndiyambe ndi zing'onozing'ono. Bondo langa lakumanzere layambanso, makamaka ndikakhala tsiku lonse pa chiwongolero cha basi. Adokotala akuti ndichepetse thupi, Moira akuti anandiuza kale zimenezo zaka zisanu zapitazo koma ine ndimamvera anthu ovala zoyera okha. Denga la kukhonde likudonthabe pamalo pomwe paja ndinakonza chaka chatha, ndipo nkhani imeneyi panyumba pano sitiitchula. Mdzukulu wathu Imogen wayamba sukulu. Tsiku lachiwiri anafunsa mayi ake chifukwa chake akupitanso pamene anapitako kale dzulo.

Tsono nkhani yeniyeni. Mukudziwa kuti chisiyireni ntchito, Moira wagwidwa ndi matenda a zinthu zakale. Loweruka lililonse amandikokera ku nyumba zikuluzikulu za anthu olemera amene anafa kalekale, tikaone mbale zimene ankadyera ndi mabedi amene anaferapo, kenako timwe tiyi m'khola lawo la akavalo. Ine ndimangotsatira, chikwama chake chili m'manja. Mwezi wathawu anati tipite ku kanjanji kena kam'chigwa, ulendo wa ola limodzi kuchoka kuno, kumene anthu ongodzipereka amayendetsa sitima zamalasha zakale. Njanji yake ndi mamailosi asanu ndi limodzi basi. Imayambira pamene palibe kanthu n'kukathera pamene palibenso kanthu, koma anthu amadzaza.

Tsikulo linali lokumbukira nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, aliyense atavala ngati tili mu 1943. Achemwali, ndinaima pa siteshoni paja ndikungotembenuka uku ndi uku. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anabadwa nkhondoyo isanathe. Dokotala wanga wa mano ndinamupeza atavala ngati mkulu wa asilikali, mamendulo mbwee pachifuwa, akuyendayenda kufunafuna pamene foni ingagwire. Amayi ena anajambula mzere kumbuyo kwa miyendo ndi pensulo kuti azioneka ngati avala masokosi aatali, zija Agogo ankachita chifukwa chosowa. Ankagulitsa keke yopanda mazira, anthu n'kumaiyamikira pakamwa pali pouma. Kenako analiza chenjezo la ndege zoponya mabomba, ndipo anthu anayamba kuseka n'kumajambulana. Agogo akanamva kulira kumene kuja akanalowa pansi pa tebulo.

Sindikuwanyoza ayi. Ndi anthu abwino, ndipo ntchito imene amagwira pa sitima zija ndi yaikulu, ena amakhala tsiku lonse ali bii ndi mafuta popanda wowatuma. Ndinkangodabwa kuti kodi munthu amachisowa bwanji chinthu chimene sanachionepo. Ine nkhondo ndinaiona pang'ono ndili ndi zaka 17, kuzilumba zakum'mwera kuja, ndipo sindinalakelakepo kuvalanso zovala zake Loweruka masana. Koma ndisaname, sitima itafika n'kutithira utsi wamalasha kumaso, nanenso ndinaima n'kuukoka m'mphuno. Fungo limene lija ndi la kwathu.

Kumapeto kwa siteshoni kunali kanyumba kam'mwamba kamagalasi, kowongolereramo sitima, ngati kamene Bambo ankagwiramo ntchito pamphambano ya njanji ku Harnley. Anthu anali pamzere kudikira kukwera. Ine ndinati bondo silindilola masitepe. Moira anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bondo lake liti? Ukuopa kuti ukawapezamo bambo ako?" Ndinakwera pofuna kumutseka pakamwa.

M'katimo zonse zinali monga mukuzikumbukira. Pansi popolishidwa mpaka kuwala, mzere wa zitsulo zazitali zokoka posintha njanji ndi potsitsa zizindikiro, zofiira, zakuda, zabuluu, mitu yake ikunyezimira, timabelu pashelefu, ketulo pambaula. Woyang'anira anali mdala wina wowonda dzina lake Cyril Pennington, mphunzitsi wopuma, atavala nsapato zam'nyumba kuti asadetse pansi, kansalu kali paphewa. Mukukumbuka lamulo la Bambo lija, lakuti chitsulo sichigwiridwa popanda kansalu chifukwa thukuta la munthu limadya chitsulo? Ndiye bambo wina wovala ngati woyendetsa ndege anatambasula dzanja kuti agwire chimodzi, mkazi wake amujambule.

Sindikudziwa kumene mawu anachokera. Ndinangodzimva ndikunena kuti, "Chotsani dzanja limenelo." Sindinakuwe, koma woyendetsa ndege uja anabweza dzanja ngati wagwira mbaula. Anali mawu a Bambo, achemwali, mmene amanenera iwo ndendende. Moira anachita manyazi n'kuyamba kuyang'ana ng'ombe kunja.

Mdala Cyril anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake. "Mnyamata iwe," anatero, "wakulira m'nyumba ya njanji, usakane." Ine wa zaka 59, mutu wonse dazi, kutchedwa mnyamata. Ndinavomera kuti Bambo anagwira ntchito imeneyi zaka makumi atatu kumpoto. Anthu ena atatsika anandiletsa kutuluka, n'kuyamba kundifotokozera mbiri ya kanyumbako monyadira. Anati si ka kuno. Gulu lawo linakagula kumpoto mu 1987 katatsala pang'ono kugwetsedwa, n'kukaphwasula thabwa limodzilimodzi, lililonse atalilemba nambala, n'kubwera nako pa malole awiri. Atakamanganso anakapatsa dzina la siteshoni yakunoyi. Ndinafunsa kuti kumpoto kwake kuti. Anati kamudzi kena ka mgodi wa malasha, sindingakadziwe, dzina lake Harnley.

Ndinatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana kuchitseko. Ilipo, achemwali. Mizere yathu ija ilipo pa felemu, G kumanzere, N kumanja, yodulidwa ndi kampeni ka Bambo, uliwonse ndi chaka chake pambali. Ndinagwada ndi bondo lomwe lija ndinanamizira n'kupeza wanga woyamba, wa 1969. Ndinakumbukira mmene Amayi ankatitumira ndi chakudya cha Bambo pa tsiku lathu lobadwa, Bambowo n'kutiimika pa felemu titavula nsapato, buku lolembamo sitima lili pamutu, n'kutiuza kuti tisaime ndi zala zakumapazi. Yanu imathera pa 1978, chaka chimene munayamba nsapato zazitali ndi kuyenda ndi a Desmond, n'kunena kuti simulinso mwana woti azikuyezani. Kumtunda kwa mbali yanga sindinakuone tsiku limenelo, chifukwa pa msomali anapachikapo chikhoti chachikulu chakale, cha zoonetsa zawo zija, ndipo sindinaganize zochisuntha. Ndinkadziwa kale pamene yanga inathera.

Cyril atamva kuti N ndine, anakhala pansi. M'malo mosangalala anayamba kupukuta magalasi ake ndi kansalu ka zitsulo. Anati mizereyo yangoonekera mu Julayi chaka chino, atachotsa thabwa lopyapyala limene omanga aja anakutira nalo felemu, ndipo omangawo onse anamwalira, palibe womufunsa. Komiti yawo yagamula kale kuti mizereyo imatidwe n'kupakidwa penti. Chifukwa choyamba, siteshoni yonse iyenera kuoneka monga mu 1943, ndiye zinthu za m'ma 1970 akuti n'zatsopano kwambiri. Chachiwiri, ambiri akukhulupirira kuti anaidula ndi anyamata osokoneza nthawi imene kanyumba kanali bwinja.

Ndinaseka, koma kuseka kopweteka. Anthu amene anachita misonkhano itatu kukangana za mtundu weniweni wa penti yobiriwira, mpaka awiri a iwo sakuyankhulana, akufuna kukwirira chinthu chimene si choyerekezera. Ketulo anaigula pamsika wa zakale, wotchi inachokera kwina, dzina la pakhoma lomwe ndi lobwereka. Ndinamufunsa Cyril chifukwa chake anasankha 1943 pa zaka zonse zimene kanyumba kanagwira ntchito. Anaganiza kaye, kenako anati nkhondo ija ndi yabwino kuikumbukira chifukwa oikumbukira enieni anatha. Anati atati aonetse 1985, migodi ikutsekedwa, theka la alendo lingatuluke likulira ndipo theka linalo likumenyana. Iye mwini sanagwirepo ntchito ya njanji ngakhale tsiku limodzi, zonse anaphunzira m'mabuku ndi kwa madala amene anamwalira. Ndinamumvera chisoni pang'ono, ndipo ndinamukonda.

Anati ali ndi lamulo limodzi limene lingatipulumutse. Chilichonse chimene anasiya munthu wa njanji ali pantchito sichichotsedwa, kaya ndi cha chaka chanji. Koma pamafunika umboni, ndipo woti akhutire ndi mayi Ashdown, osunga mbiri ya gululo. Dzinali analitchula motsitsa mawu.

Pano ndikuuzeni chinthu chimene munangomva kwa Amayi, ine sindinakufotokozerenipo. Moira yemwe ndamuuza koyamba m'galimoto pobwerera tsiku limenelo. Mu Ogasiti 1981 Bambo anali atandipezera kale malo pa njanji, atakapempha kwa abwana awo, ndipo mukudziwa mmene kupempha kumawavutira. Ine ndinakwera masitepe aja kukawauza kuti ndalembetsa usilikali wapamadzi, Amayi atandisainira mwamseri. Bambo anati njanji ndi imene yandilera. Ndinawayankha kuti njanji inafa kale, iwo akungolondera manda. Ndiye ndinagwira chitsulo cha nambala 9 ndi manja onse awiri, opanda kansalu, ali thukuta lokhalokha, ndikuwayang'ana m'maso. Ndinkafuna andimenye kuti ndipeze chifukwa chochokera. Sanandimenye. Anadikira ndichotse manja, anatenga kansalu, n'kuyamba kupukuta pang'onopang'ono osandiyang'ana. Anangoti ndikamatuluka nditseke chitseko.

Zotsatira zake mukuzidziwa. Sindinabwere kunyumba ngakhale pa Khirisimasi mpaka pa ukwati wanu mu 1986, kanyumba katatsekedwa kale. Kuchokera pamenepo inu ndinu mboni ya mmene timayankhulirana ine ndi Bambo, nyengo, mpira, misewu, basi. Pamaliro a Amayi tinapatsana dzanja ngati anthu ongodziwana kutchalitchi. Zaka 43 zonsezi ndakhala ndikukhulupirira kuti tsiku limene ndinatseka chitseko chija iwo ananditaya mumtima, ndipo sindinawaimbe mlandu chifukwa ndinayamba ndine.

Lachitatu lapitali ndinabwererako ndekha, tsiku lopanda alendo, mvula ikuwaza. Mayi Ashdown ndi munthu wamfupi, magalasi ali pachingwe, kabuku m'manja. Anagwira ntchito yolemba kukhoti moyo wawo wonse, ndipo zimachita kuoneka. Tiyi sanandipatse n'komwe. Anafunsa dzina lonse la Bambo, zaka zimene anagwira ku Harnley, tsiku langa lobadwa la mu Juni lija, lanu, ngakhale mtundu wa mpeni. Ndinayankha zonse, ndikumva kukoma ngati mwana wasukulu amene anawerenga. Kenako anafunsa chaka chimene ndinachoka pakhomo, ndiponso ngati ndinalowamonso m'kanyumbamo. Ndinati 1981, ndipo sindinapondemonso mpaka mwezi wathawu.

Anatseka kabuku kaja. "Pepani a Teasdale," anatero, "nkhani yanu siikugwirizana ndi thabwali." Anapita kuchitseko n'kuchotsa chikhoti chija pa msomali.

Pamwamba pa mzere wa 81 pali mizere ina inayi, 82, 83, 84 ndi 85. Yonse ili mbali ya N, uliwonse wokwera pang'ono kuposa unzake. Mayi Ashdown anafotokoza modekha kuti munthu sayeza mwana amene palibe, choncho mwina N ndi munthu wina, mwina ndi anyamata osokoneza aja, mwinanso ine ndasokoneza zaka. Ine sindinkawamva bwino, ndinkayang'ana nambala 8. Mukudziwa mmene Bambo amalembera 8, timipira tiwiri tosagundana, kena pamwamba pa kanzake. Ndi yomweyo pa 78 wanu, ndi yomweyo pa 85. Ndipo mzere wa 82 ndi wozama kuposa yonse, mpeni unabwerezedwa kangapo. Juni ameneyo ine ndinali kunkhondo, ndipo makalata onse amene ndinalandira anali a Amayi.

Nthawi yonseyi Cyril ankapukuta chitsulo chimene chinali chowala kale. Kenako anati, "Tavula nsapato, mnyamata, uime pamenepo tione." Ndinavula. Mayi Ashdown anati zimenezo si umboni, komabe anakoka kampando n'kukwerapo, n'kundiika buku lolembamo sitima pamutu. Anandiuza kuti ndisaime ndi zala zakumapazi. Pamenepo ndinatseka maso chifukwa misozi inali itafika.

Buku linagunda pa 83 ndendende. Wa 84 uli pamwamba pang'ono, ndipo wa 85 wandipitirira ndi zala ziwiri. "Mdala wako anakuwonjezera," anatero Cyril. "Ankaganiza kuti kunyanjako akukudyetsa bwino." Moira akuti ndafupika ndi ukalamba, koma nditafika kunyumba ndinatulutsa pepala langa lausilikali limene anandiyeza potuluka, ndipo msinkhu ndi womwewu. Sindinafikepo pamene Bambo anandiika.

Mayi Ashdown potsika pa kampando anatulutsa kampango n'kudandaula kuti m'kanyumbamo muli fumbi, kanyumba kamene Cyril amapukuta m'mawa uliwonse. Koma lamulo sanalisinthe. Akufuna kalata yosainidwa ndi Bambo, Wilfred Teasdale mwini wake, yonena kuti mizere yonse anadula ndi iye ali pantchito, kuphatikizapo inayi yam'mwambayo, ndi chifukwa chake. Ifike komiti isanakumane pa 14 Novembala. Ikapanda kufika, wopenta abwera Loweruka lotsatira, ndipo penti anagula kale, yobiriwira ija anakanganirana.

Ndisanatsike Cyril anandipatsa kansalu n'kundiuza kuti ndikoke nambala 9. Ndi cholimbabe ngati kale, chimafuna uponde mwendo umodzi kutsogolo n'kudzigwetsera chambuyo. Ndinachiyang'anitsitsa pafupi kuti ndione ngati pali dzimbiri pamene ndinagwira paja. Palibe. Bambo anapukuta bwino.

Chiyambireni tsiku limenelo mutu wanga wadzaza mafunso. Ankachita bwanji? Ankayang'ana anyamata amsinkhu wanga akudutsa pa mlatho n'kumayerekeza? Kapena ankadziyeza okha n'kunena kuti mwana wanga chaka chino wafika m'makutu mwanga? Ankadikira sitima idutse kaye, n'kutseka chitseko, n'kutulutsa kampeni? Buku lija ankaligundikabe pa felemu pansi pake palibe mutu? Nanga inu munkadziwa? Amayi ankadziwa? Lachisanu ndinapitirira siteji anthu akundiimitsa, mayi wina mpaka anathamangira basi ndi ambulera.

Dzulo lija ndinaimba foni, mukukumbuka, ndinali nditakonzeka kuwafunsa Bambo. Ndinachita kulemba mawu ake papepala. Koma atangoti kumeneko kwazizira, ine ndinayankha kuti kunonso kwazizira, ndipo tinathera pa chigoli chimene anakana woyimbira mpira. Nditadula foni ndinakhala ndikuyang'ana pepalalo, Moira n'kundibweretsera cholembera ndi envelopu.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Ndikudziwa kuti kalata ya komitiyo ndikhoza kuilemba kuno n'kuitumiza, inu n'kuwapatsa Bambo asaine pakati pa nkhani za pa wailesi ndi tiyi. Zikanakhala zophweka, ndipo mwina mizere ikanapulumuka. Koma chifukwa chake chija sindingawalembere ine, ndipo sindikufuna kudzachimva kudzera mwa mayi Ashdown. Mundifunsire kwa Bambo ngati angalole kuti ndibwere Loweruka pa 2 Novembala, ndidzakhale nawo awiriwiri, inu ndi a Desmond mutapita kutauni. Musawakakamize. Mumawadziwa, akhoza kunena kuti sakukumbuka, kapena kuti anthuwo apente basi, thabwa ndi thabwa. Yankho limenelo ndikuliopa kwambiri, sindikubisirani. Koma akakana mundiuze mmene anenera, osakometsa.

Ndaikamo chithunzi cha felemu chimene anajambula Cyril. Sichikuonetsa kuzama kwa 82, chimenecho chimafuna chala. Musawaonetse Bambo kaye mpaka mutaona mmene adzukira tsikulo.

Mupereke moni kwa alamu anga a Desmond, muwauze kuti G wawo ndamuona msinkhu umene anali nawo iwo asanabwere kudzamusokoneza. Moni kwa ana anu, Philippa ndi Ross, ndi kwa azakhali a Freda mukapita kukawaona Lachinayi. Moira akupereka moni kwa nonse, ndipo akuti kuyambira lero ndisadzadandaulenso akamandikokera ku zinthu zakale.

Kwa Bambo, ngati mwaona kuti nkhani yonseyi ndi yolemera kuyamba nayo, musawawerengere. Mungowauza kuti Neville anakaima pa felemu ya ku Harnley, ndipo akuti munaphonya ndi zala ziwiri. Akatsutsa, ndipo ndikudziwa atsutsa, muwauze kuti felemu ya kukhitchini ilipo, buku ndibwera nalo, adzandiyeze okha.

Ndine mlongo wanu,
Neville